Soketi ya 30 yandizunguza mutu

Abale, galimoto yanga ya Probox yadzuka. CV joint, mfundo yolumikiza ekiselo ndi tayala, inkalira kho kho kho ndikamakhota, makamaka pa makona a Thabwa, ndiye Loweruka ndinati ndisinthe ndekha pansi pa mtengo wa nimu pakhomo.

Masipanala ndili nawo, jeke ndili nayo. Chinandigwira ndi nati yaikulu ya pakati pa tayala ija. Imafuna soketi, sipanala yovekera pa nati, ya mamilimita 30 ya mano 12, osati ya makona 6 yomwe ambirife timasunga. Ndinayesa kukakamiza, nati inayamba kudyeka m'mphepete, ndinasiya msanga.

Ndinazungulira Nchalo yonse pa kabaza dzuwa lili pamutu. Amakaniko awiri anakana, ati zida zawo zikapita sizibwerera. Sindikuwada ayi, inenso pampu yanga ili kwa alamu chaka chachiwiri tsopano. Wachitatu, mdala wa imvi, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti: "Achimwene, siyani foni pano, soketi ibwere isanakwane 4 koloko." Ndinalipira ya lendi, anandiwonjezera chitsulo chachitali chokhwimitsira ndi paipi yoti ndivekepo. Nditaponda kamodzi, nati inati phwa!

Ndalama ya lendiyo siinafike ngakhale theka la mtengo wa soketi yatsopano ku Limbe, osawerengera thiransipoti. Chida chogwira ntchito kamodzi pa zaka ziwiri ndigulirenji?

Komatu mchenga wa kuno si wodalirika. Jeke inayamba kumira ndili mkati mogwira, mwamwayi ndinali nditagoneka tayala pansi pa galimoto. Ikani thabwa pansi pa jeke.

Wa ku Ngabu kapena Bangula amene amabwereketsa puller, chida chozulira zitsulo zothina, andiuze. Ball joint, mfundo yomwe tayala limakhoterapo, nayo yayamba kuyankhula.