Draba uja anali wampira

Usiku wathawu magetsi atayaka ndinaika Spartacus, filimu yakalekale ya 1960 ija, kungoti nditayeko nthawi. Itafika pomwe kapolo wina dzina lake Draba wamupanikiza Kirk Douglas (yemwe ndi Spartacus mufilimumo), mkondo wa mano atatu uli pakhosi, kenako n'kukana kumupha, ndinaimitsa kaye kuti ndione kuti chimphona chimenechi ndani. Woody Strode. Tiyi mpaka anazizira ndili pafoni.

Kani mkuluyu anali wampira, wa ku America uja wonyamula m'manja, wovala zipewa zolimba. Mu 1946 iye ndi Kenny Washington analowa timu ya Los Angeles Rams, ligi yaikulu ya mpirawu ya NFL itatha zaka zoposa 10 osatenga munthu wakuda ndi mmodzi yemwe. Anangosewerako chaka chimodzi basi, n'kulowera ku Canada, komwe anakatenga chikho cha Grey Cup ndi Calgary Stampeders mu 1948. Zamafilimuzi zinadzakula pambuyo.

Chikundiwawa n'chakuti Jackie Robinson, katswiri wa masewera a baseball amene Strode ankasewera naye mpira timu imodzi ku yunivesite ya UCLA, dzina lake ndalimva kambirimbiri. Koma Strode ndamudziwa dzulodzuloli, ndiponso ndamudziwira pa kapolo amene amupha n'kumupachika chadodolido.