Zimene ndaphunzira posankha mapadi ndi madisiki a mabuleki

Sabata yachitatu ya atachimenti yanga pa galaji ina mu Blantyre, bambo amene amatiyang'anira anandituma kukagula mapadi akutsogolo a Vitz imene inali pa jeke. Ndinanyamuka osafunsa kanthu. Ku shopu ndinangoti "mapadi a Vitz", anandipatsa, ndinalipira. Nditabwerera, mapadiwo anakana kukhala m'malo mwake. Bambowo sanakalipe. Anatsegula chitseko cha galimotoyo, nandilozera kachitsulo kolembedwa manambala, nati, "Mwana wanga, dzina la galimoto ndi ili. Lija la kumbuyo ndi la mwini wake."

Panalembedwa KSP90. Amene ndinagula ine anali a Vitz yakale, imene Toyota inayamba kupanga mu 1999. Ya 90 inabwera mu 2005, ya 130 mu 2010, ndipo zonsezi pamsewu timangoziti Vitz. Popeza magalimoto ambiri kuno ndi ochokera ku Japan atagwirako kale ntchito, nambala ya chasisi ndiyo imatsogolera pogula sipeya iliyonse. Masiku ano ndimaijambula pa foni, ndimanyamulanso padi yakutha kuti ndikailinganize ndi yatsopano pomwepo pa kauntala, timakutu take ndi pokhala kachitsulo kochenjeza.

Kusukulu tinaphunzira kuti buleki imasandutsa liwiro kukhala kutentha, ndipo ndinalemba zimenezi pamayeso n'kukhoza. Koma ndinazimvetsa tsiku limene kunabwera Probox yochokera ku Chikwawa, mwini wake akudandaula kuti potsika phiri lija kuchoka mu Blantyre, mabuleki amayamba bwino kenako amangoti zii, kununkha ngati chinthu chikupsa. Titachotsa tayala, disiki inali ndi mawanga abuluu, mapadi osalala ngati galasi. Galimoto imene ikuthamanga makilomita 100 pa ola imafuna kuti mabuleki ameze mphamvu yochuluka kanayi poyerekeza ndi imene ikuyenda 50, ndipo mukailemetsa ndi katundu, kutenthako kumaonjezekanso. Gawo lalikulu la ntchitoyo limagwa kutsogolo, n'chifukwa chake timagalimoto tambiri tating'ono tili ndi madisiki kutsogolo koma madiramu kumbuyo. Pamenepo ndinazindikira kuti funso loyamba kwa kasitomala si lakuti ali ndi ndalama zingati, koma kumene galimoto yake imayenda. Wozungulira mu tauni ndi wotsika Khwekhwerere kapena Chiweta sabata ndi sabata sangagwiritse padi imodzimodzi n'kupeza zofanana.

Mitundu ya mapadi imene timakumana nayo ndi itatu. Ofewa aja otchedwa organic sachita phokoso ndipo sadya disiki, koma amatha msanga ndipo akatentha kwambiri amafooka. A semi-metallic ali ndi zitsulo zambiri m'kati, amapirira moto, koma amalira, amadetsa marimu, amadyanso disiki mwachangu. A ceramic ndi aukhondo komanso achete, mtengo wake ndi wokwera. Poyamba ndinkaganiza kuti okwera mtengowo ndiwo abwino pa chilichonse. Panopa Probox ija ndikanati ndisankhe ndekha, ndikanaiika semi-metallic osakayika, mayi woyenda kuchoka ku Namiwawa kupita ku ofesi ndikanamupatsa ena achetewo.

Chimene chinandisangalatsa koposa ndi timalemba tiwiri timene timapezeka pa mapadi ambiri, m'mbali kapena kumsana, monga EE, FF kapena GG. Ndakhala ndikutiona osadziwa kuti tikunena kanthu. Lemba loyamba limafotokoza mmene padi imagwirira ikazizira, lachiwiri ikatentha. Pa muyeso wa kagwiridwe, pomwe nambala yaikulu imatanthauza kugwira kwambiri, E ndi kuyambira 0.25 mpaka 0.35, F ndi 0.35 mpaka 0.45, G ndi 0.45 mpaka 0.55. Choncho padi ya FE imagwira bwino m'mawa galimoto ikangonyamuka, koma ikapsa imatsika. Ya FF imakhalabe m'gulu lomwelo. Timalembati sitinena zonse, chifukwa mapadi awiri a FF akhoza kusiyana ndithu, komabe ndi poyambira pabwino kusiyana ndi kusankha poona kukongola kwa katoni. Pa katundu wopangidwira misika ya ku Europe pamakhalanso chizindikiro cha ECE R90, kutanthauza kuti anayesedwa ndipo kagwiridwe kake sikasiyana ndi ka oyambirira a galimotoyo kupitirira 15 peresenti.

Vuto lathu ndi lakuti katoni ndi chizindikiro zimakopedwa. Mayina ngati Akebono, Advics, Nisshinbo, Bendix, Ferodo ndi Bosch ndi a makampani odziwika, ndipo chifukwa cha kudziwikako ndiwo amene akuba amakonda kulemba pa zinthu zawo zachinyengo. Ndinaonapo ndi maso anga padi imene mnofu wake unamatuka pa chitsulo isanathe ngakhale theka. Ndinaigwira m'manja nthawi yaitali, ndikuganiza kuti galimoto imeneyo imanyamula ana opita ku sukulu. Kuchokera tsiku limenelo, mtengo ukatsika mopitirira muyeso ndimabwerera m'mbuyo, ndipo ndimagula kwa wogulitsa amene amapereka lisiti ndi kuvomera kuti katundu akavuta abwezedwe.

Za disiki ndiye zinanditengera nthawi. Ine ndinkaiweruza ndi chala: ikasalala, ili bwino. Bambo aja anandipatsa burashi ya waya kuti ndipale dzimbiri m'mphepete, ndipo panatuluka malemba akuti MIN TH ndi nambala ya mamilimita. Amenewo ndiwo malire a kuwonda kwa disiki amene wopanga anaika. Mumayeza kunenepa kwake ndi kachipangizo kotchedwa maikulomita malo angapo kuzungulira disiki, molowera m'kati pang'ono kuti mupewe kamlomo kotukuka ka m'mphepete. Ikafika pa nambalayo, yatha, kaya ikuwala bwanji. Chitsulo chikachepa chimatentha msanga ndipo chikhoza kung'aluka. Kusiyana kwa disiki yatsopano ndi yakutha nthawi zambiri kumangokhala mamilimita 2 kapena 3, ndiye diso silingakuuzeni.

Makasitomala ambiri amapempha kuti tikangoipala pa makina m'malo mogula ina. Zimatheka, koma pokhapokha ngati pambuyo popalapo ikhalabe pamwamba pa MIN TH. Apa mpamene masamu a kusukulu amagwira ntchito pamaso pa munthu: mumamuonetsa nambala ya pa disiki, mumamuonetsa ya pa maikulomita, aone yekha.

Ena amabwera akuti chiwongolero chimanjenjemera akaponda buleki, ndipo aliyense amathamangira kunena kuti disiki yapindika. Ndaphunzira kuti kawirikawiri si kupindika kwenikweni, koma yakhala yonenepa pena, yowonda pena. Chiyambi chake chikhoza kukhala dzimbiri kapena mchenga umene unatsala pa habu, chitsulo chimene disiki imakhalapo, pomanga, kapena manati omangidwa mosiyana mphamvu. Timayeza kugwedera kwake ndi kachipangizo kooneka ngati wotchi kotchedwa dial gauge, ndipo pa magalimoto ambiri ang'ono malire ake amakhala pafupi ndi mamilimita 0.05, kuchepa kwake ngati tsitsi. Manati a tayala pa ma Toyota ambiri ang'ono amafuna mphamvu yomangira ya 103 Nm, omangidwa modumphanitsa. Koma chizolowezi chathu ndi kuika paipi ku sipana n'kuiponda ndi mwendo. Chizolowezi chimenechi ndikulimbana nacho, ngakhale anzanga amati ndikuchedwetsa ntchito ndikapita kukatenga torque wrench, sipana yoyeza mphamvu yomangira.

Madisiki oboola timaenje ndi ocheka mizere amakopa anyamata, koma pa galimoto ya tsiku ndi tsiku sindinaone chifukwa chowonongerapo ndalama. Chofunika ndi kubwezera mtundu umene unalipo: ngati inali ya mpata pakati wopitira mphepo, ikhale yomweyo, kukula komweko, maenje a mabauti omwewo.

Padi yatsopano imakhala ndi mnofu wa mamilimita pafupifupi 10 kapena kupitirira pang'ono, ndipo ife timalangiza kusintha ikafika pa 3, kachitsulo kochenjeza kasanayambe kulira. Timasintha mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Mapadi akutha nawonso amalankhula. Yam'kati ikatha kwambiri pamene yakunja ili bwino, kapena ikadyeka mopendama, kawirikawiri ndiye kuti mapini a kalipa, chitsulo chija chimene chimapanikiza mapadi pa disiki, auma, ndipo mukangoika atsopano osakonza mapiniwo, kasitomala abweranso pakapita miyezi yochepa akunena kuti munamugulira zabodza. Kalipa timaikoloweka ndi waya, siilendewera pa paipi yake ya labala. Fumbi la mabuleki sitiliuzira ndi kompuresa, chifukwa mapadi ena akale ndi ena osadziwika kochokera akhoza kukhala ndi asbestos amene amawononga mapapo.

Pa Probox ija tinasinthanso brake fluid, mafuta a mabuleki aja. Amayamwa chinyezi pakapita nthawi. A mtundu wa DOT 3, akakhala atsopano, sayenera kuwira asanafike madigiri 205 Celsius, koma akamwa madzi malirewo amatsika kufika pa 140, pamene DOT 4 ndi 230 ndi 155. Akawira m'mapaipi, phazi limangomira mpaka pansi ngakhale mapadi akhale abwino chotani. Tinamuuzanso mwini wake kuti potsika phiri azilowetsa giya yaing'ono, injini izithandiza kugwira, osati kukhazika phazi pa buleki kuyambira pamwamba mpaka ku Thabwa.

Chimene chikundivutabe si zitsulo ayi. Lachisanu lapitali kunabwera mayi wina ndi Sienta imene amaperekera katundu m'magolosale. Madisiki ake onse anali atadutsa malire. Anandiyang'ana nati, "Achimwene, ndili ndi za mapadi zokha. Ingondiikirani, zinazo mwezi ukatha." Ndinasowa chonena, chifukwa ndimadziwa mmene ndalama ikuvutira, ndipo galimotoyo ikaima ndiye kuti pakhomo pawo paimanso. Ndinakaitana bambo aja. Iwo anawaonetsa mayiwo manambala awiri aja, nawauza mosabisa kuti mapadi atsopano pa disiki yotere sagwira mokwanira ndipo adyeka msanga. Kenako anawachotsera ndalama ya ntchito, nawalola kuti za madisiki adzamalize mwezi ukatha.

Titamanga, bambo aja anandikumbutsa kupopa buleki kangapo galimoto isanasunthe, kuti mapisitoni abwerere pa mapadi. Anandipatsa makiyi kuti ndikazoloweretse mapadiwo pa msewu wopanda anthu: kufika makilomita 60 pa ola, kuchepetsa mpaka pafupi ndi 10 osaimiratu, kubwereza kangapo, kenako kuyenda pang'ono kuti zizizire. Iwo anakhala pambali panga osalankhula, khutu lili ku tayala la kumanzere. Pobwerera anandiuza kuti Lolemba ndiyamba madiramu akumbuyo, ndipo ndibwere ndi kope langa.