Pamene ndafika powerenga madontho a pa dzuwa

Chichokereni mitambo ya chiperoni, ndakhala ndikujambula dzuwa m'mawa kuno ku Soche lisanakwere kwambiri, chifukwa mpweya ukangotentha chithunzi chimayamba kugwedera ndipo timadontho ting'onoting'ono timabisika. Njira yake sinasinthe: telesikopu yanga yaing'ono imaponya chithunzi cha dzuwa papepala loyera, ndipo ine ndimalemba ndi pensulo paliponse pamene pali dontho. Kusuzumira dzuwa m'galasi la telesikopu kumaononga maso nthawi yomweyo, choncho ana a pakhomo amaonera papepala pomwepo.

Madontho amenewa amaoneka akuda chifukwa mphamvu ya maginito imatchinga kutentha kochokera mkati, kotero kuti malowo amazizirirako poyerekeza ndi nkhope yonse ya dzuwa, imene imatentha pafupifupi madigiri 5,500. Powerenga ndimatsata njira ya Rudolf Wolf wa ku Switzerland, yochulukitsa magulu a madontho ndi 10 kenako n'kuphatikizapo madontho onse. Chiwerengero changa chimachepa nthawi zonse ndikachiyerekeza ndi cha SILSO, likulu lowerengera madontho a pa dzuwa la ku Brussels, makamaka mu Okutobala pamene utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimaphimba ngakhale phiri la Ndirande. Zimenezi sizindidetsa nkhawa, pakuti njira ya Wolf ili ndi nambala yapadera yolinganizira maso ndi zipangizo za anthu osiyanasiyana. Chofunika n'chakuti chiwerengero changa chizikwera ndi kutsika pamodzi ndi chawo, ndipo pakadali pano chikutero.

Komabe ndayamba kuona kuti kuchuluka kwa madontho pakokha sikunena zambiri za namondwe wa maginito, amene ndi kusokonezeka kwa mphamvu ya maginito ya dziko lapansi chifukwa cha zochitika pa dzuwa. Gulu limodzi lopiringizika likhoza kuchita zimene magulu khumi odekha sangachite. Gulu lotchedwa AR3664 ndi limene linabweretsa namondwe wa pa 10 ndi 11 Meyi 2024, woyamba kufika pa mlingo wapamwamba kwambiri wa G5 chichitikireni wa mu Okutobala 2003, ndipo wa 2003 uja anaononga mathiransifoma a Eskom ku South Africa, dziko limene ambiri ankaliona ngati lotalikirana ndi mavuto otere. N'chifukwa chake tsopano ndimathera nthawi yambiri ndikujambula maonekedwe a gulu lililonse, makamaka pamene madontho angapo athithikana mumthunzi umodzi. Gulu limatenga pafupifupi masabata awiri kuti lidutse nkhope ya dzuwa, ndiye mpata wolitsatira ulipo ndithu.

Chatsopano m'kope langa ndi wailesi ya shortwave imene bambo anga aang'ono anandisiyira. Pakachitika kuphulika pankhope ya dzuwa, cheza chake chimafika kuno m'mphindi 8 zokha, ndipo mpweya wa kumtunda umayamba kumeza mafunde a wailesi masana, mwakuti siteshoni imene imamveka bwino imangozilala. Mtambo wa mpweya wamagetsi umene umautsa namondwe umatsatira pambuyo pa tsiku limodzi mpaka atatu. Ndatsegula tsamba lolembapo nthawi imene mawu azilala, kuti ndiziyerekeza ndi machenjezo a SANSA, bungwe la ku South Africa loona za mlengalenga, ochokera ku Hermanus.

Madontho amachuluka ndi kuchepa m'nyengo zobwerezabwereza. Nyengo ya dzuwa ya nambala 25 inayamba mu Disembala 2019, ndipo mabungwe a ku America a NASA ndi NOAA analengeza mu Okutobala 2024 kuti yafika pachimake. Popeza nyengo iliyonse imatenga zaka pafupifupi 11, madontho azicheperachepera, ndipo mvula ikayamba ndidzadalira kwambiri wailesi kusiyana ndi telesikopu.