Lachinayi, ulendo wachitatu wa mankhwala

Lero tinadzuka mbandakucha chifukwa linali tsiku langa lokalandira mankhwala a khansa ya m'mawere kachitatu. Achemwali anga, amene anasiya munda wawo ku Thyolo m'manja mwa ana kuti adzakhale gadiyani wanga, anali ataphika kale phala la mgaiwa, ndipo bambo a ana anatiperekeza pa siteji ya minibasi ku Bangwe asanapite kuntchito.

Titafika ku chipatala cha Gulupu, anamwino anayamba ayang'ana zotsatira za magazi amene ananditenga dzulo, pakuti munthu salandira mankhwalawa ngati asilikali a m'thupi mwake achepa kwambiri. Atandiuza kuti zili bwino, mtima unakhala pansi. Ndinapereka dzanja lamanja, popeza kumanzere, kumene anandichotsa bere pamodzi ndi anabere a m'khwapa, adokotala analetsa kubayako jakisoni poopa kuti mkono ungatupe.

Pafupi nane panakhala mayi wina wamng'ono kwa ine, amene linali tsiku lake loyamba, ndipo ataona mankhwala ofiira aja otchedwa doxorubicin akulowa mumtsempha wanga, anayamba kunjenjemera. Ndinamuuza zimene inenso anandiuza anzanga poyamba paja: kuti asadzidzimuke akaona mkodzo utafiira kwa tsiku limodzi kapena awiri, kuti tsitsi liyamba kuthothoka pakatha masabata awiri kapena atatu, ndiponso kuti thupi likatentha kufika pa madigiri 38 asadikire kuti kuche, athamangire kuchipatala. Anandigwira dzanja osayankha kanthu.

Tinabwerera kunyumba dzuwa litapendeka, m'kamwa mukumveka ngati ndamwa madzi a m'chitini chadzimbiri. Mwana wanga wachisamba, yemwe ali Fomu 3, anali atasamutsira mbaula kuseri kwa nyumba chifukwa akudziwa kuti fungo la mafuta okazingira limandichititsa nseru. Amayi a Mvano anasiya thumba la makala ndi ufa pakhonde, sanafune kunditopetsa ndi macheza. Kunena zoona, ichi ndi chimene chikundilemera koposa mankhwala: ine amene ndinazolowera kudzukira aliyense m'nyumba muno, tsopano ndikutenthetseredwa madzi osamba ndi mwana amene ndinkamubereka kumbuyo. Ndinafuna kunyamuka kuti ndikatsuke mbale, koma achemwali anandibweza nati, "Khalani pansi achemwali, nanga ife tabwereranji?" Ndinakhala, misozi ikulengeza.

Mzime wanga, wa zaka 7, wakhala akundizemba chimetereni mpala. Usiku uno analowa kuchipinda mwakachetechete, nakhala m'mphepete mwa bedi, ndipo patapita nthawi anafunsa kuti, "Amayi, tsitsi lanu lidzameranso?" Ndinamuuza kuti lidzamera mankhwala akadzatha, kenaka ndinavula duku kuti aone bwino. Anasisita mutu wanga ndi kadzanja kake kozizira, nagona pomwepo. Ndalemba m'buku langa la kuchipatala kuti ndidzabwererekonso pakatha masiku 21.