Mbiri ya moyo wanga, gawo lachisanu: Kubwerera pa T

Nditasewera squash, masewera omenyetsa kampira kukhoma ndi raketi, miyezi isanu ndi itatu ndinkaona ngati ndafikapo. Anzanga amene tinayamba limodzi ndinkawagonjetsa ndi mphamvu basi, kumenya mpira mpaka khoma kulira.

Tsiku lina bambo wina wachikulire, mutu uli mbuu ndi imvi, anandipempha kuti timenye. Anandikwapula 11-2, 11-3, 11-1. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti iwo malaya anali ouma, pamene ine thukuta linali kamukamu, ndili wefuwefu. Titatuluka anati, "Mwana wanga, dzanja uli nalo. Koma mpira ukuubwezera pakati, ndipo ukamenya ukumaima pomwepo n'kumauonerera. Uzibwerera pa T."

Bwalo la squash ndi laling'ono, mamita 9.75 m'litali ndi 6.4 m'lifupi. T ndi pamene mzere wopingasa bwalo umakumana ndi wochokera kukhoma lakumbuyo. Ukaima pamenepo, ngodya iliyonse umaifika ndi masitepe awiri kapena atatu. Bambo aja anakhala pamenepo gemu yonse, ine ndikuzungulira.

Anandisinthiranso mpira. Ndinkagwiritsa ntchito wa madontho awiri achikasu, wa akatswiri, umene sudumpha ngati sunatenthe. Ine sindinkatha kuutenthetsa chifukwa tikamenya katatu pointi yatha. Anandipatsa wa dontho limodzi, ndipo mpaka lero ndimauza aliyense woyamba kumene kuti asachite nawo manyazi.

Ndinayamba kulowa m'bwalo ndekha m'mamawa. Ntchito inali imodzi: kumenya mpira motsata khoma la m'mbali kuti ukagwe kuseri kwa bokosi la sevisi, malo ojambulidwa pansi amene umaimapo poyambitsa pointi, ndikuwerenga. Sabata yoyamba sindinkafika ngakhale pa 5. Raketi inkakhula khoma mpaka m'mphepete mwake munachoka utoto, ndipo dzanja linatuluka matuza. Pomaliza ndinkaika mpira pansi n'kumathamanga wopanda mpira, kuchoka pa T kupita pangodya, kubwerera, kupita ina. Ntchafu zinkayaka moto. Usiku ndinkaonera pa YouTube masewera akale a Jahangir Khan wa ku Pakistan, amene kuyambira 1981 mpaka 1986 sanagonjeko. Ndinasiya kuyang'ana mpira, ndinkayang'ana mapazi ake.

Patatha miyezi inayi ndinawapempha bambo aja kuti tibwereze. Magemu awiri oyamba anatenga. Yachitatu tinafika 10-10, pamene pamafunika kusiyana ndi mapointi awiri. Ndinamenya mpira wautali umene unamatirira khoma, iwo anangoukodola, ndipo ndili pa T ndinaugwetsera pang'onopang'ono pamwamba pa tin, kachigawo ka m'munsi mwa khoma lakutsogolo kamene ukakamenya umataya pointi. Wotsatira anamenya tin okha. 12-10.

Tisanayambe yachinayi ndinawaona akupukuta chikhatho pakhoma, chizindikiro chonyowa chitatsala pamenepo. Gemuyo anapambana ndi iwo, 11-7. Koma Lachinayi lotsatira ndi iwo amene anandiimbira foni kufunsa ngati ndili ndi mpata madzulo.