Ndinasiya ntchito ndisanalembedwe n'komwe

Anthu inu, Chingerezi cha pakamwa ndi Chingerezi cha mu kalata ndi zinthu ziwiri zosiyana, wina asakunamizeni. Ine cha pakamwacho ndimachitha ndithu, mafilimu ndimamva osawerenga timawu ta pansi tija, pa Facebook ndimatha kukangana ndi munthu m'Chingerezi mpaka iye kutopa n'kundibuloka. Ndiye nditaona kuti kampani ina ikufuna kalaliki wa mu ofesi, akuti ofuna atumize kalata yofunsira ntchito pamodzi ndi CV pasanafike Lachisanu, ndinangoti aaa izi n'zazing'ono.

Nthawi imeneyo n'kuti ndikuphunzira kalasi yamadzulo ya Chingerezi cha mu ofesi, aphunzitsi athu anali bambo ena achikulire osaseka ndi munthu pa nkhani ya kalata. Adilesi yako pamwamba kumanja, deti pansi pake, adilesi ya amene ukuwalembera kumanzere, kenako malonje, kenako mutu wa kalata. Ngati dzina la munthuyo sukulidziwa umayamba ndi "Dear Sir or Madam" ndipo umamaliza ndi "Yours faithfully", koma ukamutchula dzina ndiye kumapeto kumakhala "Yours sincerely", ukasinthanitsa ziwirizi bambo aja amavula magalasi n'kukuyang'ana osalankhula kanthu mpaka iwe wekha kupepesa. Y wamkulu, f wamng'ono. Mayi amene sukudziwa ngati ali pabanja kapena ayi umalemba "Ms". Mawu odula monga "I'm" ndi "don't" saloledwa. Zoyamba ndi "How are you, I am fine" akuti ukalembere chibwenzi chako, bwana alibe nazo ntchito zoti wadzuka bwanji. Pomaliza ndi "I look forward to hearing from you", wolemba "to hear" cholembera chofiira chimamupeza. Ngakhale deti inali ndi phunziro lakelake, poti Angelezi amayamba ndi tsiku pamene Amereka amayamba ndi mwezi, ndiye 03/04 ku London ndi 3 Epulo koma ku New York ndi 4 Malichi, choncho mwezi uzilemba m'mawu kuti pasakhale mkangano.

Zonsezi ndinaloweza, mutandidzutsa pakati pa usiku ndikanakulakatulirani. Chimene tinali tisanafikepo ndi nkhani ya pakati pa kalatayo, zoti unene chiyani kwenikweni ukamaliza "Dear Sir or Madam". Aphunzitsi anati zimenezo tiyamba sabata ya mawa, koma Lachisanu lija silikanadikira sabata ya mawa.

Achemwali anga ndi sekilitale, makalata amalemba tsiku ndi tsiku, ndipo anandiuza bwinobwino kuti "iwe ukalemba ubwere nayo ndikuonere". Ine matama, ndinati achemwali inu pumani, mwagwira ntchito tsiku lonse, izi tisiyireni ife a kalasi yamadzulo. Anangoti chabwino bwana.

Usiku ndinalowa pa Google n'kulemba "formal letter to employer sample". Zinabwera zambirimbiri, zina zazitali masamba awiri, ine ndinasankha ina yaifupi yooneka yaulemu kwambiri. Foni ndinaitsamiritsa pa dikishonale kuti ndiziona bwino pokopera, inde pa dikishonale, buku limene likanandipulumutsa linagwira ntchito ya mtsamiro usiku wonse osatsegulidwa.

Mzere woyamba unali wakuti "Please accept this letter as formal notice of my resignation from the position of", kenako mpata woti ulembepo udindo. Ndinauwerenga kawiri n'kugwedeza mutu kuti eee, ichi ndiye Chingerezi. "Please accept" ndi ulemu, landirani chonde. "Notice" ndinati akunena chidziwitso cha ntchito chomwe ndinaona chija. "Position" ndi udindo, pamenepo ndinalembapo ukalaliki wanga. Latsala liwu lalitali lija, "resignation". Ndinaliyang'anitsitsa n'kuona kuti m'kati mwake muli "sign", ndiye ndinati basi, kusayina, munthu akunena kuti ndine wokonzeka kusayina kontirakiti. Ndinadzitamandira kuti mutu uwu sunapite kusukulu pachabe.

Mzere wachiwiri unandiimitsa pang'ono, "My last working day will be". Tsiku lomaliza kugwira ntchito? Ndisanayambe? Koma ndinaganiza kuti eni chiyankhulochi amaona patali, akufuna adziwiretu kuti ukhala nawo mpaka liti, safuna anthu ongobwera miyezi itatu n'kuthawa. Ndiye ine pofuna kuonetsa kukhulupirika ndinawerengera zaka 30 kutsogolo, ndinatsegula kalendala ya mu foni n'kupukusa mpaka chala kuwawa kuti ndipeze tsiku loti likhale Lachisanu, lisagwere pa Lamulungu angandione ngati wosalongosoka. Ndinalilemba bwinobwino, tsiku kaye, mwezi m'mawu, kenako chaka, monga anatiphunzitsira.

Ndime yotsatira inali yothokoza kampani chifukwa cha mwayi umene yandipatsa komanso zambiri zimene ndaphunzira pa nthawi yomwe ndakhala nawo. Apa ndinati kumeneku ndiye kuthokozeratu, munthu wachikhulupiriro amathokoza asanalandire. Yomaliza inali yoti ndine wokondwa kuthandiza kuphunzitsa amene adzalowe m'malo mwanga, ine ndinangomva mawu oti kuthandiza ndi kuphunzitsa, ndinati mabwana amakonda anthu a mtima wotere. Koma liwu loti "happy" linandionekera lachibwana, la ana a sukulu, ndiye mu Word, pulogalamu ya pa kompyuta imene ndinkalemberamo kalatayo, muli kanthu kena koti ukadina Shift ndi F7 kamakupatsa mawu ena ofanana tanthauzo. Ndinasankha looneka lolemera kuposa onse, "ecstatic". Tanthauzo lake ndinadzalidziwa mochedwa, ndi chimwemwe chija chofika pokuwa ndi kudumphadumpha. Choncho kalata yanga imanena kuti ndidzachita kuvina pophunzitsa munthu wodzatenga mpando wanga.

Ndinayang'ana pa sikirini, mzere wofiira panalibe ngakhale umodzi. Kompyuta imangoona ngati mawu walemba molondola, zoti ukudzichotsa ntchito ilibe nazo kanthu. Ndinapulinta pa pepala la A4, ndinasayina ndi cholembera cha buluu pakati pa "Yours faithfully" ndi dzina langa, pansi ndinaika "Enc." kusonyeza kuti CV ili momwemo, ndinapinda patatu mosamala n'kuika mu envelopu. Lachinayi ndinakaisiya kwa mlembi wa pakhomo, anaidinda chidindo n'kuilemba m'buku lolandirira makalata.

Sabata yotsatira foni inalira. Mayi ena a mawu odekha, akuti ndi a ku ofesi yoona za antchito, akufuna ndikaonane nawo mawa m'mawa pali zina zoti timvetsetsane pa kalata yanga. Abale, ndinakuwa. Ndinaimbira amayi, amalume, anzanga a m'kalasi, achemwali ndinawauza kuti mwaona, anthu ena sitifuna kuonereredwa. Suti ndinabwereka, nsapato ndinapolisha mpaka kudziona nkhope.

Nditalowa mu ofesimo ndinapeza mayi aja atakhala, pambali pawo pali bambo ena a maso ofiira atakumbatira mafayilo mulu. Kalata yanga ili pa tebulo. Palibe amene akumwetulira, ine ndinati ndi mmene amachitira pa intaviyu pofuna kukuyesa mtima.

"Bambo, inuyo muli dipatimenti iti?"

"Iliyonse imene mungandiike mayi, ine sindisankha."

Anayang'anizana. Bambo a mafayilo aja anafunsa nambala yanga ya pa ntchito, ndinati imeneyo ndikudikira inuyo mundipatse bwana. Anafunsanso kuti malipiro ndakhala ndikulandirira ku banki iti, ndinati sindinayambe kulandira koma akaunti ndili nayo kale, ndinayamba kupisa m'thumba kufuna kutulutsa khadi. Apa bambowo anaika mafayilo pansi n'kugwira mutu ndi manja awiri. Kunapezeka kuti iwowa ndi a ku akaunti, ndipo kuyambira tsiku lomwe kalata yanga inafika akhala akusakasaka dzina langa pa mndandanda wa malipiro, m'mafayilo akale, mpaka kuimbira nthambi zina, poti munthu sangasiye ntchito pamalo pomwe sagwira. Anafika poganiza kuti mwina pali wina m'kati momwemo amene wakhala akudya malipiro m'dzina la munthu woti m'mabuku mulibe, nkhani inatsala pang'ono kufika kwa mabwana akuluakulu.

Mayi aja anatenga kalata ija n'kundifunsa mofatsa ngati ndikudziwa tanthauzo la liwu lalitali lija. Ndinati ee mayi, kusayina. Anatseka pakamwa ndi dzanja, mapewa anayamba kugwedezeka, anayesa kutsokomola kuti abise koma zinakanika, kuseka kunaphulika mpaka misozi. "Mwana wanga, kalata iyi ikunena kuti mukusiya ntchito. Mwatipatsa notisi." Bambo a ku akaunti anawonjezera ndi mawu otopa kuti, "Ya zaka 30."

Thukuta linatsika kuchokera m'khosi mpaka m'masokosi, suti ya eni ake inanyowa. Ndinafuna kunena kanthu koma Chingerezi chonse cha m'mafilimu chinathawa, ndi Chichewa chomwe chinandikana, ndinangoti "oho". Mayiwo atapukuta misozi anati pa zaka zonse zomwe agwira ntchito imeneyi anthu amapereka notisi ya mwezi umodzi, ena sabata ziwiri, ena amangosowa osatsanzika, koma wokonzekera ngati ine sanamuonepo. Anawerenganso mokweza pamene ndinalemba "ecstatic" paja, mlembi wa pakhomo anachita kusuzumira kuti kwagwanji. Kenako, mwina pondimvera chisoni, anati kunena zoona pa makalata onse omwe analandira yanga ndi imene inayalidwa bwino kuposa ena, adilesi pamalo pake, deti yomveka, "Yours faithfully" wolondola. Ndinathokoza, nanga ndikanatani.

Ndinafunsa ndi mawu a pansipansi ngati ntchito ija ikadalipo. Anati ayi, anatseka Lachisanu lomwe lija ndipo kalata yanga sinalowe n'komwe mu mulu wa ofunsira, inapita mu mulu wa otsanzika. Ndikuti ndidzuke ndizipita, bambo a ku akaunti anati dikirani kaye. Poti kalatayo inadindidwa ndipo inalowa m'buku, fayilo singatsekedwe popanda pepala lina, ndiye ndilembe kalata ina, ya m'Chingerezi, yonena kuti ndabweza mawu sindikusiyanso ntchito. Ntchito yomwe ndilibe.

Madzulo m'kalasi anzanga anandilandira ndi m'manja, wina akuti bwana mutikumbukire. Ndinangokhala kumbuyo phee. Aphunzitsi analowa, anapukuta bolodi, n'kunena kuti lero tiyamba mitundu ya makalata, ndipo tiyambira iwiri imene anthu sangaisokoneze ngakhale atafuna, yofunsira ntchito ndi yosiyira ntchito. Ine ndinapempha kupita panja.

Kunyumba ndinawafotokozera achemwali zonse chifukwa kalata yachiwiri ija ndinalibe nayo kolowera. Anamvetsera mpaka kumapeto nkhope ili gwa, anatenga dikishonale ija n'kundiika m'manja, foni n'kundilanda kuika m'chikwama chawo. Atatsegula laputopu kuti tiyambe kulemba anatembenuka n'kundifunsa kuti, "Ndiye achimwene, phwando lokutsanzikani ku ntchito tikonzeretu pano, kapena tidikire zaka 30 zanuzo zikwane?"