Chigayo cha kuseri kwathu ndicho chinandisankhira mahedifoni

Kuseri kwa nyumba yomwe ndimachita lendi pa boma la Dedza kuli chigayo. Chimayamba kulira m'mamawa, ndipo nyengo yokolola chimafika mpaka mdima. Zaka zitatu zonse sindinkachilabadira, paja munthu umazolowera. Koma nditayamba maphunziro a pa intaneti, omwe aphunzitsi amatumiza mawu ojambulidwa kuti tizimvera pa foni, ndinaona kuti ndikumakweza voliyumu mpaka kumapeto. Pofika madzulo m'makutu munkalira ngati mwalowa nyenje.

Vuto lina linali la pamsewu. Miyezi iwiri iliyonse ndimakaoda katundu ku Johannesburg. Basi imatulukira pa chipata cha Dedza, kudzera ku Tete, Nyamapanda, Harare mpaka Beitbridge, ulendo wopitirira tsiku lathunthu injini ikungolira pansi pa mpando. Ndalama zomwe ndinalandira ku banki m'khonde zinali zokwanira chinthu chimodzi chabwino. Maganizo anga anali akuti mahedifoni akuluakulu a noise cancelling, ochotsa phokoso la kunja, ndi a paulendo, pomwe timahedifoni tapamwamba tolowa m'khutu ndi tomvera bwinobwino uli pakhomo. Funso linali lakuti ndiyambe kugula ziti.

Ndinapita kaye kwa alamu anga, omwe amabwereketsa zokuzira mawu pa maukwati ndi pa zinkhoswe. Asanatchule dzina la kampani iliyonse anandifunsa kuti, "Alamu, phokoso likukuvutanilo ndi lotani? Lolira mofanana tsiku lonse, kapena la anthu olankhula?" Anandifotokozera kuti njira zothana ndi phokoso zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kungotseka khutu, monga umachitira ndi chala. Yachiwiri, yomwe ndiyo noise cancelling, ndi ya timaikolofoni tomwe timakhala pa mahedifoni: timamva phokoso la kunja, kenako chipangizocho chimatulutsa mawu otsutsana nalo, ngati mafunde awiri a pa nyanja, lina likukwera lina likutsika, akakumana madzi n'kukhala bata. Njira imeneyi imagwira bwino pa phokoso lolemera komanso losasinthasintha, la injini, jenereta kapena fani. Mawu a anthu ndi kulira kwa mwana zimasintha msanga, choncho zambiri zimadutsa. Luso limeneli linakulira mu ndege: Amar Bose analiganizira ali paulendo wa pa ndege mu 1978, ndipo kampani yake inayamba kugulitsa mahedifoni otere kwa oyendetsa ndege mu 1989.

Anandibwereka awo, Sony WH-1000XM4, kuti ndiwayese masiku atatu. Apa ndi pomwe ndinaphunzira zambiri kuposa zonse zomwe ndinawerenga.

Loweruka cha m'ma 9 koloko chigayo chili pakalapakala, ndinakhala pa tebulo langa, kuvala mahedifoniwo popanda nyimbo, n'kudina batani. Zinali ngati wina watseka chitseko cholemera pakati pa ine ndi chigayocho. Kunjenjemera kwake ndinkakumvabe kumapazi, pa simenti, koma m'makutu munangotsala kaphokoso kakutali. Mayi wina panja ankaitana mwana wake kuti abweretse lichero, ndipo ndinamva mawu aliwonse. Tambala wa aneba nayenso analira bwinobwino. Nditayatsa phunziro, voliyumu yomwe ndinkaifikitsa kumapeto inakwanira ili pakati. Chimenechi chinandikhudza kwambiri, chifukwa bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumvera mawu ofika madesibelo 80 (muyeso wa kukula kwa phokoso), ndipo ukakweza kuposa apo nthawi yoyenera imachepa kwambiri. Khutu likaonongeka ndi phokoso silibwereranso mwakale. Chimodzi chokha chinandisowetsa mtendere tsiku loyamba: makutu ankamveka otsekeka monga zimakhalira ukamatsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti. Tsiku lachiwiri zinachepa. Ena akuti sizimawathera, n'chifukwa chake ndi bwino kuyesa usanalipire.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi ndinakwera minibasi mpaka pa Lizulu nditavala mahedifoniwo. Injini inazimiririka ndithu. Koma zina zonse zinandigwetsa ulesi. Mphepo yolowera pa windo inkaomba timaikolofoni tija n'kumachita phokoso lakelake. Galimoto ikagwa m'dzenje, m'khutu munkamveka kuti di! Mutu sunkatheka kutsamira pa galasi chifukwa chikhokhombe cha hedifoni chinkandikankha, ndipo pothithikana anthu anayi pa mpando ndinkagunda nacho mnzanga. Ndinaganizanso za kutentha. Kuno ku Dedza mu June zophimba khutuzo zimafunditsa ngati chipewa, koma ku Tete mu October thukuta lingathe kuyenderera m'khosi. Komanso chinthu chachikulu choonekera patali chotere, pa boda usiku, chimaitana maso.

Sabata yotsatira ndinapita ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 85, kukayesa tolowa m'khutu. Mnyamata wa mu shopu anandionetsa kuti chinsinsi chonse chili pa timphira takumapeto. Timabwera tating'ono, tapakati ndi tatikulu, tina ta mphira wofewa, tina ta siponji tomwe umatifinya ndi zala, kulowetsa m'khutu, n'kudikira kuti tifufume. "Asisi, mukamva mawu anu omwe akumvekera m'mutu, ndiye kuti kakwana," anatero. Khutu langa lamanja linafuna kapakati, lamanzere kakang'ono. Ndinayesa ta waya ta Shure SE215, tomwe kampani yake imati timatchinga phokoso mpaka madesibelo 37. Nyimbo ya kwaya yathu inamveka mwaudongo, besi payokha, alito payokha, ndipo macheza a anthu a mu shopumo anachepa kuposa mmene anachepera ndi mahedifoni a alamu aja. Koma ndikudziwa makutu anga: kanthu kakakhala m'kati maola awiri, amayamba kuwawa, pomwe ine ndimamvera maphunziro maola anayi pa tsiku.

Topanda waya tokhala ndi noise cancelling ndinatisiya msanga. Batire lake ndi la maola ochepa, Sony WF-1000XM4 mwachitsanzo ndi maola 8 usanatibwezere m'kabokosi kake, ndipo mabatire ang'onoang'ono amenewa akatha mphamvu kusintha kwake n'kovuta. Kamodzi kakagwera pansi pa mpando wa basi usiku, ndalama yonse yapita. Kwathu kuno magetsi akazima, chinthu chofuna kutchaja pafupipafupi chimakhala mtolo.

Apa m'pamene ndinaona kuti ndinkaganiza mozondoka. Phokoso loyenera noise cancelling lili kunyumba, masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Pa basi chomwe ndimafuna ndi kugona, mutu uli pa windo, ndi kanthu kosafuna batire.

Panatsala nkhani ya zachinyengo. Chaka chatha ndinagula pa msika wina mahedifoni olembedwa ANC, kutanthauza noise cancelling, pa bokosi, koma batani lake silinkasintha kalikonse. Ulendo uno ndinapempha kuti nditsegule bokosi ndisanalipire. Ndinatuluka nawo pakhonde pomwe panali jenereta ikulira, kuvala popanda nyimbo, kuyatsa ndi kuzimitsa noise cancelling kangapo. Kusiyana kwake kuyenera kumveka nthawi yomweyo, osachita kufunafuna. Kenako ndinawalumikiza ku app ya kampani yake pa foni, ndipo inawazindikira. Ndinaonanso kuti ali ndi pobayira waya, kuti batire likatha ndizimverabe, n'kuuza mnyamatayo alembe nambala ya pa bokosi pa lisiti.

Sony WH-1000XM5 inatuluka mu 2022 pa mtengo wa madola 399, ndipo thumba langa silikanafika. Ndinatenga Soundcore Life Q30 ya kampani ya Anker, yomwe batire lake limafika maola 40 noise cancelling ili yoyatsa. Sifika pa ya alamu, koma chigayo imachigonjetsa, ndipo ndimatchaja kamodzi pa sabata. Ndalama zotsala ndinagulira timahedifoni wamba ta waya ndi paketi ya timasiponji tija, popeza foni yanga ikadali ndi pobayira. Ngati yanu ilibe, mufunika kachingwe kolumikizira ku USB-C.

Ulendo wapitawu ndinagona kuchokera ku Harare mpaka kufupi ndi Masvingo, tsaya lili pa galasi. Tikamayandikira boda ndimachotsa khutu limodzi kuti ndimve akamaitana za mapasipoti, ndipo poyenda pansi m'mbali mwa M1, pomwe njinga za kabaza zimadzera kumbuyo, sindivala chilichonse. Lero chigayo chayamba 6 koloko. Ndamvera phunziro lonse voliyumu ili pakati, ndipo mwana atadzuka kuchipinda n'kuyamba kulira, ndinamumva.